Mzinga wa ku Mangochi ndi zipolopolo zimene zinakana kuphulika

Amene munafikapo pa boma la Mangochi mukudziwa kuti kufupi ndi mlatho wa pa Shire, pambali pa nsanja ya wotchi imene anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mzinga wakale umene unachotsedwa pa sitima ya Guendolen. Sitima imeneyi ndi imene inawoloka nyanja mu Ogasiti 1914, Captain Rhoades ali pachiwongolero, n'kukaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Tsiku limene ndinaima pamalopo ndinapeza ana awiri akusewera pamzingawo, wina ataukwera ngati bulu, mnzake atatsinzina diso limodzi akusuzumira kukamwa kwake. Wosuzumirayo atandiona ndikuyandikira, anandiuza mwaulemu, ngati akundipulumutsa ku ntchito yopanda phindu, kuti: "Mulibe kanthu umu, bambo."

Mawu a mwanayo akhala akundibwerera nthawi zonse ndikamawerenga za nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Mzinga timauona pa perete ndi m'zithunzi, ndipo ndi umene timauyesa mphamvu ya asilikali. Koma mzinga wopanda choika m'kati ndi paipi yolemera chabe, yongotopetsa anthu ndi akavalo oikoka. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inali, kwakukulu, mpikisano wa amene angathe kupanga zipolopolo za mizinga, kuzinyamula, ndi kuzifikitsa pamzere wankhondo zili zoti ziphulikadi zikagwa. Mbali yomalizayi ndi imene yandigwira mtima, chifukwa ndi imene inkabisika mosavuta.

Chaka china ndinagula mbewu ya chimanga pamsika wina, m'pepala lowala bwino, njere zake zitapakidwa utoto wofanana ndendende ndi wa mbewu yeniyeni. Mvula yobzalira itagwa ndinabzala munda wonse, ndipo patatha masiku khumi mapando ambiri anali mbee, opanda ngakhale kamsonga kobiriwira. Wogulitsa uja anali atasamuka kalekale, chinyezi choyamba chinali chitapita, ndipo ndalama zinali zitatha. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe njira yodziwira ndili pamsika paja, popeza njere yakufa ndi yamoyo zimaoneka chimodzimodzi m'dzanja. Chipolopolo cha mzinga chili ndi khalidwe lomwelo. Sungachiyese popanda kuchiwononga. Ungayese zingapo pa mulu waukulu, koma chimene chili m'bokosi la msilikali chidzadziwika pa tsiku limene moyo wake udzadalire icho.

Kuti chiphulike pamalo ndi nthawi yake pamafunika zinthu zingapo zigwirizane. Chigoba chachitsulo chiyenera kukhala chopanda mng'alu, chosemedwa mogwirizana ndi kukula kwa mpope wa mzinga. Chakumunsi kwake kuli lamba wa kopa amene amaluma mizere ya m'kati mwa mpope kuti chipolopolo chizizungulira pouluka. M'kati muli mankhwala ophulika amene ayenera kudzazidwa mofanana, popanda mphako. Kumphuno kuli fyuzi, kachipangizo kakang'ono kokhala ndi masipuling'i ndi timapini, kosiyana pang'ono ndi m'kati mwa wotchi, kamene kayenera kupirira kukankhidwa koopsa potuluka mumzinga koma n'kudzuka msanga pogunda pansi. Chimodzi mwa zimenezi chikalakwika, chipolopolo chimagwera pafupi pakati pa anzako, kapena chimangomira m'matope osaphulika, kapenanso chimaphulikira mumpope momwemo n'kupha amene akuombawo.

Mayiko a ku Ulaya amene analowa nkhondo ankaganiza kuti idzatha m'miyezi yochepa, ndipo nkhokwe zawo zinali zolingana ndi maganizo amenewo. Pofika kumapeto kwa 1914 asilikali anali atakumba ngalande kuyambira kunyanja ya ku Belgium mpaka kumalire a Switzerland, atatchinga kutsogolo ndi waya waminga, ndipo njira yokhayo yosunthira mdani inali kumuthira zipolopolo kwa maola kapena masiku. Angerezi ankadalira fakitale ya boma ya ku Woolwich ndi makampani ochepa ozolowera ntchitoyi monga Vickers ndi Armstrong Whitworth. Kumayambiriro kwa 1915 mizinga yawo yambiri inkaloledwa kuomba zipolopolo zosakwana khumi patsiku, ngati mmene mayi amagawira ufa mu Febuluwale. Vuto linanso linali mtundu wake. Zambiri zinali zija zophulikira m'mwamba n'kumwaza timipira tachitsulo, zabwino popha anthu oyenda pamtetete, koma zopanda ntchito kwa munthu wobisala m'ngalande. Zofunika zinali zophulika mwamphamvu pogunda pansi, ndipo zimenezo n'zimene zinali zosowa.

Mu Epulo 1915 nduna yaikulu Herbert Asquith, atatsimikiziridwa ndi nduna ya zankhondo Lord Kitchener, analankhula ku Newcastle kuti asilikali sakusowa zida. Pa 9 Meyi Angerezi anaukira Ajeremani pa Aubers Ridge ku France, ndipo tsiku limodzi lokha anataya anthu oposa 11,000, ophedwa ndi ovulala, osalanda kanthu. Mkulu wa asilikali a Angerezi ku France, Sir John French, amenenso ankafuna kudzichotsera mlandu, anaulula nkhaniyi kwa mtolankhani Charles à Court Repington, ndipo pa 14 Meyi nyuzipepa ya The Times inalemba poyera kuti kusowa kwa zipolopolo zophulika mwamphamvu ndiko kunalepheretsa nkhondoyo. Patatha sabata Daily Mail ya Lord Northcliffe inaloza chala Kitchener mwiniwakeyo, zimene zinakwiyitsa anthu ena mpaka kuwotcha nyuzipepayo pamsika wa masheya ku London. Mwezi usanathe boma linali litasinthidwa kukhala la mgwirizano wa zipani, ndipo David Lloyd George anapatsidwa unduna watsopano woona za kapangidwe ka zida.

Lloyd George anachita zimene anatumidwa, ndipo n'kosayenera kumuchepsa. Boma linamanga mafakitale ake, linalowetsa mafakitale a njanji, a njinga ndi a makina osiyanasiyana pantchito yosema zigoba, ndipo linalemba amayi zikwi mazana ambiri. Amene ankadzaza mankhwala ophulika otchedwa TNT khungu lawo linkasanduka lachikasu, moti anthu anawapatsa dzina la kambalame kachikasu, ndipo ena anafa ndi matenda a chiwindi. Ngozi zinalinso zosasowa: ku Silvertown mu Januwale 1917 kunafa anthu 73, ndipo ku Chilwell pa 1 Julayi 1918 kunafa 134. Chiwerengero cha zipolopolo chinakwera modabwitsa. Koma apa ndi pamene ndikuona kuti panali msampha. Nyuzipepa zinali zitakuwa za kuchepa, aphungu ankafunsa za kuchuluka, choncho chimene boma linkayenera kuonetsa chinali nambala. Nambala imalembedwa pa lipoti la sabata iliyonse, pamene chilema cha fyuzi chimakadziwika patatha miyezi, m'munda wa ku France, pamaso pa anthu amene ambiri mwa iwo sadzabwerako kudzachitira umboni.

Kuthamanga si kufika. Mafakitale atsopanowa analibe zoyezera zokwanira, zija zotsimikizira kuti chigoba chosemedwa mumzinda wina chidzalandira fyuzi yopangidwa mumzinda wina, ndipo oyendera odziwa ntchito anali ochepa kwambiri. TNT itachepa anayamba kuisakaniza ndi ammonium nitrate, mchere womwewo umene umapezeka mu feteleza wina, n'kupanga chosakaniza chotchedwa amatol, chimene poyamba chinkavuta kuphulitsa bwinobwino ndi mafyuzi amene analipo. Kupanga chigoba kunali kosavuta kuyerekeza ndi kupanga fyuzi, motero panafika nthawi imene zigoba mamiliyoni zinaunjikana zikudikira mafyuzi. Mizinga ina inkaphulikira eni ake kawirikawiri moti magulu oomba mtundu wina wa mzinga anayamba kudzitcha makalabu a anthu odzipha.

Pa zimene zinali zosowa kwawo, Angerezi anayang'ana kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Mu Januwale 1915 anasankha banki ya J.P. Morgan ku New York kuti ikhale yowagulira katundu wankhondo ku America, ndipo kudzera m'manja mwake munadutsa katundu wa madola pafupifupi 3 biliyoni. Makampani ngati Bethlehem Steel ya Charles Schwab analemera kwambiri. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kusainirana pangano sikunali kulandira zipolopolo. Makampani ambiri anavomera maoda asanamange n'komwe nyumba zoikamo makina, ena anali asanapangepo chida chankhondo chiyambire, ndipo katundu wambiri amene ankayembekezeka mu 1915 anafika mu 1916. Wogula amene ali pamoto alibenso mphamvu yokana katundu, chifukwa akabweza bokosi lokayikitsa palibe lina lolowa m'malo mwake, ndipo wogulitsa amadziwa zimenezo.

Ku Canada nkhaniyi inafika pochititsa manyazi. Nduna ya asilikali Sam Hughes anakhazikitsa komiti yogawa maoda a zipolopolo, ndipo m'komitimo munali eni mafakitale amene ankatha kugawira ntchito makampani awo omwe ndi a anzawo. Pofika pakati pa 1915 katundu woperekedwa anali kachigawo kakang'ono chabe ka zimene analonjeza. Mu Novembala chaka chomwecho komitiyo inathetsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera bungwe la Imperial Munitions Board lotsogozedwa ndi Joseph Flavelle, munthu amene chuma chake anachipeza pa bizinesi ya nyama ya nkhumba. Zimandisangalatsa kuti amene anakonza zinthu sanali katswiri wa mizinga. Anali munthu wozolowera kuti katundu wochoka m'manja mwake ayesedwe, alembedwe, ndipo wowola abwezedwe. Pofika 1917 Canada inkapereka gawo lalikulu ndithu la zipolopolo zimene Angerezi ankaomba ku France.

Mayeso enieni a zonsezi anachitikira kumtsinje wa Somme ku France. Kuyambira pa 24 Juni 1916 mizinga ya Angerezi inaomba kwa masiku asanu ndi awiri, zipolopolo zoposa 1.5 miliyoni, ndipo asilikali oyenda pansi anauzidwa kuti waya waminga udzakhala utaduka, ngalande zitagumuka, Ajeremani atatha. Ambiri mwa anyamatawo anali odzipereka okha, ochokera mumzinda umodzi kapena pantchito imodzi, oyamba kumene kuona nkhondo. Kwa sabata yathunthu anamva nthaka ikunjenjemera ndipo anakhulupirira. Koma pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zipolopolozo anali a mtundu womwaza timipira uja, umene umadula waya pokhapokha fyuzi yake itatcheredwa molondola kwambiri ndi oomba odziwa, pamene oomba ambiri analinso atsopano. Mizinga ikuluikulu yotha kufika m'mapanga a Ajeremani, ena okumbidwa mamita pafupifupi khumi pansi pa nthaka ya choko, inali yochepa ndiponso yomwazika pamzere wautali. Pamwamba pa izo, olemba mbiri ambiri amayerekeza kuti zipolopolo zofika chimodzi mwa zitatu zilizonse sizinaphulike bwino kapena sizinaphulike n'komwe. Za mizinga ina yaikulu mafyuzi ake ankamasuka zili m'mlengalenga, n'kukagwa ngati miyala.

Pa 1 Julayi, nthawi ili 7:30 m'mawa, malikhweru analira ndipo anyamata aja anatuluka m'ngalande. M'malo ambiri anapeza waya uli chiimire, Ajeremani atatuluka kale m'mapanga ndi mfuti zachiwaya. Ena mwa amene anapulumuka anasimba kuti anadutsa pakati pa zipolopolo za mizinga yawo yomwe zitangoti mbwee pansi, zosaphulika. Tsiku limenelo Angerezi anataya anthu 57,470, ndipo mwa iwo 19,240 anafa. Sindikunena kuti fyuzi yoipa yokha ndiyo inapha anthu onsewa, chifukwa mapulani a akuluakulu a nkhondo analinso ndi zolakwika zawo zazikulu. Koma ndikaganiza za mnyamata amene wafika pawaya n'kupeza kuti sunaduke, ndimaona kuti iye ndi amene anali woyendera katundu womaliza, amene anagwira ntchito imene inayenera kugwiridwa ndi munthu wa choyezera m'fakitale chaka chimodzi m'mbuyomo. Fyuzi yatsopano ya nambala 106, yophulika ikangokhudza nthaka kapena waya, inayamba kugwiritsidwa ntchito mochuluka mu 1917, ndipo inasinthadi kadulidwe ka waya.

Dziko la Russia linavutika koposa, ndipo vuto lake linali la njira. Turkey italowa nkhondo, khomo la Dardanelles, lolowera sitima kunyanja ya Black Sea, linatsekedwa, nyanja ya Baltic inali m'manja mwa Ajeremani, ndipo kunatsala Arkhangelsk, doko louma ndi madzi oundana miyezi yambiri pachaka, lokhala ndi njanji imodzi yofooka, ndi Vladivostok kumapeto ena a dziko. Katundu wogulidwa ndi ngongole ankaunjikana pamadoko pamene asilikali ankathawa ku Gorlice ndi Tarnów mu Meyi 1915, mizinga yawo ili chete, mpaka Warsaw inagwa mu Ogasiti. Ajeremani nawonso akanagwa msanga, chifukwa mchere wopangira wonga unkachokera ku Chile ndipo sitima za Angerezi zinatseka njira, koma anapulumukira njira ya Fritz Haber ndi Carl Bosch yotengera nayitrojeni mumpweya, yomweyo imene lero imatipatsa feteleza wa urea.

Kuno kwathu nkhondo imeneyi inafika ndi nkhope yake, ndipo nkhani ya zipolopolo inaonekera poyera kuposa kwina kulikonse. Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani ku East Africa, analibe fakitale ya mizinga ndipo nyanja inali yotsekedwa. Mu Epulo 1915 sitima yotchedwa Rubens, itadzibisa ngati ya ku Denmark, inazemba kuchoka ku Germany mpaka ku Manza Bay kufupi ndi Tanga, kumene sitima yankhondo ya Angerezi ya Hyacinth inaipeza n'kuiombera, ndipo eni ake anaimiza okha m'madzi osaya. Ajeremani anavuula katundu wambiri, koma madzi amchere anali atalowa m'zipolopolo, moti panafunika ntchito ya miyezi yozimasula, kuziumitsa ndi kuzidzazanso, ndipo ngakhale atatero zambiri zinakhalabe zosadalirika. Sitima yankhondo ya Königsberg itamizidwa mumtsinje wa Rufiji mu Julayi 1915, anazula mizinga yake khumi n'kuikoka pamtunda ndi anthu mazanamazana. Mu Malichi 1916 sitima ina, Marie, inafika ku Sudi Bay kum'mwera ndi mizinga, zipolopolo ndi katundu wina womangidwa kale m'mitolo yoti munthu mmodzi asenze. Mu Novembala 1917 anatumizanso chibaluni chachikulu cha L59 kuchokera ku Bulgaria, koma chinabwerera chili pamwamba pa Sudan. Mwezi womwewo Lettow-Vorbeck anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Mozambique n'kukantha Apwitikizi pa Ngomano, ndipo kuyambira pamenepo nkhokwe yake inali mdani wake: mfuti ndi zipolopolo ankalanda, mzinga ukatha zipolopolo ankauphwanya n'kuusiya.

Kumbali ya Angerezi, gulu la General Edward Northey limene linalowera kumpoto kwa nyanja yathu linkadalira mitu ya anthu. Ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mokakamizidwa, kuwonjezera pa asilikali a King's African Rifles amene chikumbutso chawo chili ku Zomba. Katundu wa munthu mmodzi anali makilogalamu pafupifupi 25, ndipo chipolopolo chimodzi cha mzinga waukulu chinkatenga gawo lalikulu la mtolo umenewo. Wonyamulayo ankafunikanso kudya, choncho pamtunda wautali panafunika anthu ena onyamula ufa wa onyamula zipolopolo. Ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, chibayo ndi njala. Ndikamawerenga za fyuzi yopangidwa mothamanga kutsidya kwa nyanja, ndimaganiza za munthu wa ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay amene anasenza bokosi masabata angapo, kukwera mapiri a kumpoto kwa nyanja m'mvula, nkhata itaphwanyika pamutu, osadziwa ngati chimene wasenzacho chili chamoyo kapena chakufa.

Zaka zoposa zana zapita, koma nkhondo ya ku Ukraine yabweretsanso mafunso omwewa. Mu Malichi 2023 mayiko a European Union analonjeza kupatsa Ukraine zipolopolo 1 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo nthawi itakwana anali asanakwanitse. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa Czech Republic, Petr Pavel, analengeza kuti dziko lake lapeza zipolopolo zoti zigulidwe kumayiko ena akunja kwa Ulaya, ndipo Russia nayo yakhala ikulandira za ku North Korea, zimene pakhala malipoti ambiri odandaula za ubwino wake. Zochokera m'nkhokwe zosiyanasiyana, za zaka zosiyanasiyana, ngakhale zitakhala za muyeso umodzi wa 155 kapena 152 mm, siziuluka mofanana, ndipo woomba amayenera kuphunzira khalidwe la mulu uliwonse pamene mdani akumuyang'ana kuchokera m'mwamba.

Zija zinakana kuphulika pa Somme ndi ku Ypres ku Belgium sizinapite kulikonse. Chaka ndi chaka alimi a kumpoto kwa France ndi ku Belgium akamalima, pulawo imazitulutsa, zadzimbiri, zina zokutidwa ndi dothi moti ungaziyese chitsa kapena mbatata yaikulu. Kumeneko anazolowera mpaka anazipatsa dzina loti zokolola zachitsulo. Mlimi amachinyamula mosamala n'kukachiika m'mphepete mwa msewu, nthawi zina m'bowo la mtengo wa simenti wa magetsi, kuti asilikali odziwa kuphwasula mabomba adzachitenge akamadutsa. Nthawi zina chimodzi chimaphulika pansi pa thirakitala kapena m'manja mwa wogwira ntchito yomanga, monga zinachitikira ku Ypres mu Malichi 2014, pamene anthu awiri anafa.